Anafufuta Bambo Anga Chifukwa cha Pati Thu

M'zaka zija matipati atangoyamba kumene, anthu atayamba kulankhula pamsewu osacheuka kuona amene ali kumbuyo, ku Mwanza Boma kunafika chinthu china chimene sitinachivotere, ndipo chinthucho chinali vidiyo. Iwe Takondwa, tazimitsa kaye foni yakoyo. Kuyambira masana ndakhala ndikumva mitembo ikubuula m'manja mwakomo, ndipo inu atatu mukukangana kuti pakati pa gawo lachinayi ndi lachisanu lokoma ndi liti, ngati kuti akufa oyenda anayamba ndi inu. Senderani kuno pakhonde. Mphatso, khala apo, usandiponde phazi lotupali. Inu ndinu ana a mlongo wanga, choncho muimve nkhaniyi mpaka kumapeto, chifukwa mafilimu mukusekererawa ine anandidyera mawu a bambo anga.

Agogo anu a Lameki, amene inu simunawaone, anali mkamwini m'mudzi mwathu muno kwa Kanduku, koma kwawo kunali kwa Nthache. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yophikira Azungu, ndipo kumeneko anatolako Chingerezi cha m'khitchini, chosakwanira kulembera kalata koma chokwanira kunamira molimba mtima. Matipati atabwera, anagulitsa mbuzi zawo ndi njinga, n'kugula tivi, deki yoikamo mafilimu ndi kajenereta kwa dalaivala wina wa mathiraki a ku Tete, ndipo anamanga shedi ya bango kuseri kwa msika, n'kuikuta ndi mapulasitiki akuda kuti ngakhale dzuwa lili paliwombo mkati mukhale mdima. Inu lero aliyense ali ndi kanema wake m'thumba, amaonera yekha atatseka makutu ngati wakuba. Ife tinkaonera tili khamu, mawondo atagundana, fungo la makoko a manachesi ndi thukuta lili guu, ndipo wina akakuwa kutsogolo, wakumbuyo ankakuwanso asanaone n'komwe choopsacho.

Ndati ife, koma ndanama pang'ono. Ine malo anga anali kunja, pa jenereta. Sukulu ndinalekezera Sitandade sikisi, choncho bambo anandipatsa ntchito yokoka chingwe, kuthira mafuta ndi kuthamangitsa ana osuzumira m'ming'alu. Pakhomo polowera anaikapo msuweni wanga Dikisoni, mwana wa mlongo wawo, chifukwa iyeyo anafika Fomu thu ndipo ankatha kuwerenga zolemba pachikuto cha filimu. Iye ankavala malaya oyera, atsikana n'kumamusekerera kuti awalowetse, pamene ine ndinkanunkha petulo mpaka nkhuku zinkandilambalala. Mafilimu onse a bambo ndinawadziwa ndi makutu, kudzera m'bango, mutu nditatsamira pamtengo wa shedi. Zithunzi ankadya ena, ine ndinkadya mawu.

Koma mawu ake! Bambo ankakhala pambali pa tivi ndi maikolofoni yomanga ndi mphira, n'kumafotokozera anthu zimene Azunguwo akunena, kapena ndinene kuti zimene iwo akufuna kuti Azunguwo anene. Mafilimu a karate analipo, a nkhondo analipo, koma imene inagwedeza Mwanza inali ya mazombi, ya mzinda wina kumene kunagwa matenda akuti munthu akafa amadzuka, ndipo amene walumidwa naye amasanduka. Mtembo ukatulukira pangodya ukukoka mwendo, bambo ankatsitsa mawu n'kunena kuti, "Awa akubwerawa ndi a Gomani, tinawaika Lachiwiri, koma aona kuti kumanda kulibe ndiwo." Akatulukira ambiri pamzere, ankati, "Awa anali a kwaya, taonani mmene akuyendera." Mayi wina wa m'filimumo akabwerera kukatola chikwama, bambo ankakuwa ngati ndi mkazi wawo: "Siya chikwamacho iwe! Muli chiyani, mchere?" Ndipo shedi yonse inkagwedezeka ndi phwete, ine kunja ndikuseka ndekha ndi jenereta.

Tsiku lina mkulu wina anaimirira pakati pa filimu n'kunena kuti, "A Lameki, izi si ndondocha izi?" Bambo anaimitsa deki. Anati, "Musanyoze ndondocha, achimwene. Ndondocha ndi yaulemu, imalima munda wa mwini wake, sidandaula, lilime ilibe. Izi za Azunguzi ndi zaulesi, khasu sizigwira, zimangofuna kudya zolima anzawo. Izi ndi zija zimabwera pamaliro ndi mbale zawozawo." Anthu anaseka mpaka wina anagwa pabenchi.

Mwina mukudabwa kuti anthu anzeru zawo ankafunamo chiyani m'zinthu zonyansazi. Ine ndaganiza zaka zambiri. Masiku amenewo msewu wa mathirakiwu unkatipatsa maliro sabata ndi sabata, anyamata ndi atsikana kuonda n'kupita, ndipo munthu ankachoka kumanda m'mawa, fumbi la kumanda likadali kumapazi, masana n'kulowa m'shedi kukaona akufa akudzuka. Imfa ya kunja inalibe woifotokoza, inalibe poiimitsa, koma ya m'shedi inali ndi a Lameki pambali pake, ndipo mafuta akatha nayo inkatha. Bambo wina wa ku Mozambiki, amene anatsalira kuno nkhondo ya kwawo itatha, ankabwera Loweruka lililonse, ndipo ankati, "Ife tinathawa chonchi, patarawu, bwana wanga, ana kumsana, osadziwa amene akukuthamangitsa. Ubwino wa kuno ukatopa umatuluka kukagula chimanga chootcha."

Ndiye filimuyo inali ndi msampha kumapeto kwake. Ekita, mnyamata amene nkhani yonse inali pa iye, anapulumuka ndi bambo ake okalamba pagalimoto, mzinda ukuyaka kumbuyo, ndipo anthu ankayamba kuwomba m'manja kuti zatha bwino. Koma nkhalamba ija inkakweza buluku pang'ono, mwana wake asakuona, ndipo pamwendo panali mano. Basi, tivi bii. Eee, phokoso lake! Anthu ankatuluka akukangana mpaka kumsika, ena akuti nkhalambayo isanduka, ena akuti magazi a munthu wamkulu ndi owawa, matenda sangalowe, ndipo mawa lake ankabweranso kudzaonetsetsa ngati analidi mano kapena chipsera chakale. Aliyense wokumana ndi bambo moni wake unali umodzi: "A Lameki, pati thu ifika liti?" Bambo ankati, "Wopanga filimu ali ngati mayi wotcheza kachasu, kolawa amakupatsa kamutu, kaukali kaja koyamba kudontha, kuti mawa ubwere wekha." Ndipo anatuma dalaivala uja kuti pati thu imeneyo, gawo lachiwiri la filimuyo, kulikonse angaipeze, kaya ku Halale kaya ku Joni, abwere nayo.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Nyengo ya mvula bambo anayamba chifuwa, ndipo mawu anayamba kuwathera pakati pa filimu, pamene anthu akufuna ya mazombi yomweyo m'mawa, masana ndi madzulo. Ndiye anaganiza nzeru. Loweruka lina, mvula itatha, manachesi oyamba atayamba kupsa, shedi itadzaza, anaika wailesi ya kaseti pamiyendo n'kudzijambula akufotokoza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mbali zonse ziwiri za kasetiyo. Iwe Chisomo ukundiyang'ana ngati ndikulankhula Chipwitikizi, tamvera. Kaseti kanali kabokosi ka tepi yosunga mawu, ndipo pamwamba pake panali timano tiwiri. Ukatithyola, batani lojambulira linkakana kutsika, kutanthauza kuti zimene zili mkatimo palibe angajambulepo zina pamwamba. Bambo anathyola timanoto ndi nsonga ya mpeni ine ndikuona, n'kunena kuti, "Izi zikhale." Kuyambira tsikulo ankangokhala pambali pa wailesi atafunda bulangeti, filimu ikayamba n'kudina, ikafika pakati n'kutembenuza kaseti, chithunzi chikangozima n'kuimitsa, ndipo anthu ankaseka nthabwala zomwezo ngati akuzimva koyamba.

Anamwalira manachesi atachuluka pamsika. Tinakawaika kwawo kwa Nthache, ndipo anthu a kuvidiyo anabwera ambiri, anyamata a pamsika kulimbirana kunyamula bokosi, amayi ogulitsa mandasi kudzigwetsa pansi, aliyense kulumbira kuti shedi ija popanda a Lameki sadzapondamonso. Ndikuwakumbuka nkhope zawo mmodzimmodzi, ndipo ena mwa iwo mumawapatsa moni kutchalitchi mpaka lero.

Mwambo wathu mukuudziwa. Katundu wa mwamuna amabwerera kwa abale ake, ana amatsala ndi za kwa mayi wawo. Ine sindinalimbane nazo zimenezo. Titasesa m'mawa mwake, ndinapita kwa azakhali, mayi ake a Dikisoni, ndinagwada, n'kunena kuti, "Azakhali, tivi tengani, deki tengani, jenereta imene yandigonthetsa makutuyi tengani. Ine ndikupempha kaseti imodzi yokha, ya mawu a bambo."

Iwo anandiyang'ana kuyambira kumapazi. Anati, "Iwe Fanuwelo, dothi silinaume, wayamba kale kuloza katundu? Kwanu ndi kwa amayi ako. Achimwene anali tambala wobwereka kumeneko, ndipo tambala akafa nthenga zimabwerera kwa eni khola."

Ndinati, "Si katundu ayi, azakhali, ndi mawu chabe."

Anati, "Kaya ndi singano, idikira tsiku losudzula amayi ako, akuluakulu atakhala pansi. Tsikulo lisanafike, cha malemu sichikhudzidwa ndi munthu aliyense."

Munthu aliyense, anatero. Ine ndinawakhulupirira. Ndinabwerera kuno ndi agogo anu aakazi, mutu wometa, ndipo usiku ndi usana ndinkangoganiza za kabokosi kaja kali m'wailesi, m'shedi yotseka, kakundidikira. Amayi ankati, "Dekha mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinadekha. Koma akuluakulu omwewo ananenanso kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo mwambi umenewo palibe anandikumbutsa.

Patapita masabata angapo, tsiku losudzula lisanafike, mayi wina wa m'mudzi muno anabwera kuchokera ku Boma ndi dengu lopanda kanthu, atagulitsa manachesi ake, ndipo anaima pabwalo pathu ali wefuwefu ngati wabweretsa uthenga wabwino. Anati, "Fanuwelo, wamva? Dalaivala uja wafika nayo! Dikisoni watsegula, walemba ndi choko pabolodi, pati thu Loweruka. Boma yonse ili yakaliyakali." Amayi anangoweramitsa mutu. Ine ndinafunsa kuti watsegula bwanji pamene cha malemu sichikhudzidwa, ndipo mayiyo anaseka n'kunena kuti, "Akuti deki ikakhalitsa imachita dzimbiri."

Loweruka ndinatsika wapansi. Ndili patali ndinamva jenereta, ndipo ndinadziwa ndi kulira kwake kuti wina waithira mafuta osakaniza. Mzere wa anthu unafika pa ogulitsa tomato, ndipo onse aja analumbira kumanda anali pomwepo, ena atavala zovala zomwe anavala pamaliro. Atandiona anayang'ana kumbali. Dikisoni anali pakhomo, malaya oyera, atavala chipewa cha bambo.

Anati, "Aa, msuweni! Wabwera kudzaona? Lowa, iwe ndi waulere. Lero ukhale mkati, uone zimene wakhala ukumvera kubango zaka zonsezi."

Ndinati, "Sindinabwerere filimu. Kaseti ya bambo ili kuti?"

Anati, "Ili m'wailesi, ikugwira ntchito."

Ndinalowa osadikira kuti andilole, ndinatsegula wailesi n'kutulutsa kasetiyo. Inali yomweyo, dzina la bambo lolembedwa ndi dzanja lawo lili pomwepo, koma m'mabowo muja munali timano, wina anatsekamo timapepala totafuna, totsendera bwinobwino ndi kamtengo. Ana inu, munthu sachita zimenezo mwangozi. Amakhala pansi, amatafuna pepala, amalitsendera, amayesa batani, likakana amaonjezera lina.

Ndinati, "Dikisoni, wachita chiyani?"

Anabwera pafupi n'kutsitsa mawu kuti anthu asamve. Anati, "Usapange phokoso pano. Makaseti opanda kanthu m'sitolo anatha, ndipo ine ndili ndekha, sindingaime pakhomo n'kumafotokozanso filimu. Ndinajambula Lachinayi. Pati wani ndani akuifunanso? Anthu anailoweza pamtima."

"Mbali zonse ziwiri?"

"Nanga filimu imakwana mbali imodzi? Amalume anapita, msuweni. Tinalira tonse. Koma bizinesi ndi ya amoyo."

Ndinafuna kumumenya, ndipo mpaka lero dzanja ili limandiyabwa ndikakumbuka, koma anthu anali atayamba kukhamukira mkati, kundikankha, kundiponda, wina mpaka kundiuza kuti, "Achimwene, khalani pansi mukutitchinga." Dikisoni anandilanda kasetiyo m'manja mwaulemu ngati akulandira chopereka, anaibwezera m'wailesi, ndipo ine ndinapezeka nditakhala pabenchi yakumbuyo, kwa nthawi yoyamba mkati mwa shedi ya bambo anga filimu ikuyamba.

Pati thu inali ndi mazombi ochuluka kuposa yoyamba, ndipo awa sankakoka miyendo, ankathamanga, kukwera mipanda, kuswa mawindo. Ndi mmene amapangira, gawo lililonse amaonjezera tsabola chifukwa lilime lazolowera, ndipo inu a gawo lachisanu sindikudziwa kuti mukudya chiyani tsopano. Pamwamba pake pankamveka mawu a Dikisoni, osalala ngati akuwerenga zolengeza za kutchalitchi: "Apa akunena kuti atseke chitseko. Apa akunena kuti chakudya chatha." Ine ndinati mumtima, tsopano aona, tsopano atuluka mmodzimmodzi, adziwa chimene ataya. Ndinadikira kuti wina aimirire anene kuti a Lameki sakanatero. Koma ana inu, anaseka. Anakuwa, anagwirana, anawomba m'manja chimodzimodzi ngati kale, mwinanso kuposa. Chimene chinandipweteka si kuti Dikisoni analephera ayi, koma kuti sanafunike n'komwe kukhoza. Anthu ankafuna kudziwa za mwendo wa nkhalamba ija, ndipo aliyense wowauza anali wabwino.

Nkhalambayo inasandukadi. Chakumapeto ekita anadzitsekera m'nyumba, ndipo pawindo panatulukira bambo ake, nkhope yotuwa, maso oyera, akukanda galasi ndi zala. Mnyamatayo anagwira mfuti, ndipo shedi yonse inaimirira. "Mphe! Mphe iwe! Si bambo akonso amenewo!" Mmodzi wa amayi a mandasi aja anadzigwetsa kumanda ndi amene ankakuwa kwambiri. Ine ndekha ndinakhala pansi, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinamuchitira nsanje mnyamata wa m'filimuyo. Ake anabwerera. Owola, onunkha, osamudziwa, koma anabwerera mpaka pawindo, ndipo iye anali ndi mwayi wowayang'ananso kumaso. Ine ndikanatsegula chitsekocho. Ndinamuchitira nsanje iye, ndinachitira nsanje Dikisoni ndi chipewa chija, ndinachitira nsanje aliyense m'shedimo amene madzulo akabwerera kwawo akapeza bambo ake atakhala pakhonde akumukalipira kuti wachedwa.

Mfuti inalira, anthu anakuwa mokondwa, ndipo posakhalitsa maina a Azungu anayamba kukwera pativi. Mawu a Dikisoni anati, "Apa ndiye pathera pati thu," ndipo m'sipika munamveka kuti khethe. Mwini wake anali kunja akukangana ndi a mzere wachiwiri, choncho panalibe woimitsa wailesi. Chimene iye sanaganize n'chakuti pati thu inali yaifupi kuposa pati wani, ndipo kumchira kwa tepi kunatsala kachigawo kamene mawu ake sanafikeko.

Anthu atangoyamba kunyamuka, mumdima muja munamveka chifuwa. Aliyense ankachidziwa chifuwa chimenecho. Kenaka mawu, amphamvu, oseka: "Musanyamuke! Khalani pansi kaye inu, mukuthamangira kuti? Taonani mwendowo!"

Sindinaonepo anthu akuthawa chonchija, ngakhale m'filimu. Khomo linali limodzi koma tsikulo anatsegula ena atatu m'bango. Mabenchi kugwa, mapatapata kutsala, mayi wa mandasi kudumpha mwamuna wamkulu ngati mbuzi, wina akukuwa dzina la Yesu, wina akukuwa kuti, "A Lameki pepani, ndinali ndi chimfine sindinafike kumanda!" A mzere wa kunja ataona anzawo akuboola khoma, nawo anamwazikana osafunsa, ndipo Dikisoni atasuzumira pakhomo n'kumva mawuwo, anagwa chagada, chipewa uko. Dzuwa linalowa m'mabowo aja, fumbi likuuluka, ndipo m'shedi monse ndinatsala ndekha pabenchi yakumbuyo.

Bambo anapitiriza. Anati, "Eya, ndi mano amenewo. Pitani mukaganize kunyumba. Ana atsogole, akuluakulu pambuyo, musapondane." Pansi pa mawu awo pankamveka anthu a Loweruka lakale lija akutuluka, phokoso likuchepa pang'onopang'ono. Mbali imeneyi sindinaimvepo pakaseti, chifukwa iwo ankaimitsa wailesi chithunzi chikangozima, ndipo tsiku lojambulalo anachedwa kudina. Anatsokomolanso, mpando unalira, kenaka anaitana ndi mawu awo a kunyumba, osati a pamaikolofoni: "Fanuwelo! Zimitsa jenereta mwana wanga, ulowe, kunjako kukuzizira. Ndakusungira nachesi." Tepi inafika kumapeto, batani linadumpha lokha.

Ndinatuluka, ndinakazimitsa jenereta, n'kulowanso. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Kenaka ndinatulutsa kasetiyo, ndinakolokosola timapepala tija ndi minga, n'kuiika m'thumba la malaya, ndipo ndinadutsa pamaso pa Dikisoni atakhala m'fumbi. Tsiku losudzula litafika, akuluakulu atakhala pansi, ndinaiika pamphasa kuti mwambo utsatidwe, ndipo azakhali anafutukira kumbuyo n'kunena kuti, "Chotsa chinthu chakocho, usatibweretsere mizimu pano." Chimene anandimana ndikugwada anandipatsa chifukwa cha mantha, koma anandipatsa chitatha kale, ngati fupa limene galu wasiya.

Mukuganiza kuti Dikisoni anagwa nazo? Ayi ndithu, dziko silitero. Mbiri inamveka mpaka ku Zobuwe, kutsidya kwa malire, kuti ku Mwanza kuli vidiyo imene wakufa amalankhula, ndipo anthu anachuluka kuposa kale, kubwera kudzakhala chete filimu ikatha kuti mwina amvenso. Pati fili itafika anabwera kuno panjinga yatsopano, n'kunena kuti, "Msuweni, tabwereka kaseti ija, kakumapeto kokhako, anthu akuifuna." Ndinamuuza kuti akatafune pepala lina. Iye anamanga nyumba ya malata, anagula chigayo, ana ake anaphunzira, lero ndi mkulu wa mpingo, mimba uko, ndipo akadzamwalira mudzamva anthu akunena kuti ndi iye anabweretsa vidiyo ku Mwanza. Ine ndinatsala kumudzi kuno, n'kumaotcha makala. Chibale ndi fupa sichiola, amatero, koma fupa likakutsamwa pakhosi, kusaola kwakeko ndiye vuto.

Ndipo taonani chilango chake. Zaka zonse zimene wailesi yanga inali yamoyo, kuti ndifike pa bambo ndinkayenera kudutsa mwa Dikisoni. Ndinkazungulitsa tepi ndi bolopeni kuti ndisamumve, koma nthawi zonse ndinkaphonya pang'ono, n'kumumva akuti, "Apa ndiye pathera pati thu," bambo asanatsokomole. Nthabwala za a Gomani, za kwaya, za chikwama cha mchere, zonsezo zatsala m'mutu mwanga mokha, ndipo ndikamakuuzani chonchi ndikudziwa kuti sindikuzinena mmene ankazinenera.

Ine sindikuletsani mafilimu anuwa. Onerani, kanganani, dikirani gawo lachisanu ndi chimodzi, munthu amafunika chinthu choyembekezera. Koma chatsopano chikafika, muziyamba mwayang'ana chimene mukuchichotsa kuti chatsopanocho chikhale, chifukwa ndimakuonani mukufufuta zinthu m'mafonimo kuti filimu ikwane, chala chili changu, osayang'ana n'komwe. Bambo anu ali moyo, ali kudimba uko, ndipo mumawathawa kuti amalankhula zambiri. Asiyeni alankhule. Ndipo tsiku limene ine ndidzagone, mwambo udzakuimikani inu pakhomo panga, ana anga ali pansi mitu yometa. Zimene mudzapezemo ndi zochepa, khasu, njinga yopanda mabuleki, ndi kabokosi kena m'chitini cha pansi pa bedi. Tengani zimene akuluakulu adzanene kuti ndi zanu, palibe adzakutsutseni. Koma mwana wanga akadzagwada n'kupempha kanthu kamodzi, musadzamuuze kuti adikire.